Chingwe cha Bambo Aang'ono

"Zisanu ndi ziwiri zakwana," anatero Ishbel. "Chatsala chingwe chimodzi."

Patebulo panali timakadi ta anthu otsitsa bokosi la bambo awo, a Dod Fairbairn. Kwathu kuno zingwe zotsitsira bokosi m'manda zimakhala zisanu ndi zitatu, ndipo m'bale womanidwa chingwe ndiye kuti wachotsedwa pamtundu anthu onse akuona.

"Lembani bambo aang'ono a Wattie, achimwene."

"Ndilembe ndani?" Ninian anakankha cholembera. "Munthu wogulitsa munda wa agogo n'kuthawira ku England? Akagwire zingwe za nkhosa zake."

England yakeyo sikutali, ndi kutsidya kwa mtsinje wa Tweed chabe. Koma mkwiyo wa a Fairbairn suyeza mtunda. A Dod ndi mng'ono wawoyo anatha zaka makumi awiri osapatsana moni.

Mayi awo, a Morag, ankasita malaya oyera a malemuwo.

"Bambo ako anagwira ntchito m'misewu ya boma la Berwickshire mpaka bomalo linathetsedwa mu 1975," anatero osadzutsa mutu. "Galimoto yawo yokankha chipale chofewa inkayenera kuthera pati?"

"Pamlatho. Mpamene pali malire."

"Iwo sankaima. Ankawoloka mpaka pageti pa Wattie, n'kutembenuka. Osatsika, osaliza hutala. Boma litatha anawalanda galimoto, iwo n'kumapitabe ndi fosholo."

"Nanga bwanji sankanena?"

"Bambo ako? Kuti tiwaseke?"

Ninian anayang'ana kadi yotsalayo. Komabe makani ndi a kumtundu, kadiyo sanailembe.

Tsiku la maliro kunacha chipale chili m'maondo. Ishbel, amene ankatereka madzi a tiyi, anamva kukwecha panja, n'kuitana mchimwene wake pawindo.

Nkhalamba yowerama, chipewa chili m'makutu, inkafosholera njira kuchokera pamsewu kudza kukhomo, motakata bwino kuti anthu onyamula bokosi adutse. Inkapuma pafupipafupi itagwira m'chiuno. Itafika pamasitepe inagogoda fosholo pamwala, n'kutembenuka osayang'ana chitseko.

"Ndi mmene ankachitira bambo ako," anatero a Morag.

Ninian anatuluka wopanda jekete, kadi ili m'manja.

"Bambo aang'ono! Imani kaye."

A Wattie anaiyang'ana kadiyo nthawi yaitali.

"Bambo ako ankandisiyira chipale pakona ya khola dala," anatero, akupukuta mphuno. "Kuti nanenso ndigwireko ntchito."