Dzina la Mwezi wa Epulo

Bambo anga, a Eugeniusz Kwiecień, anali ndi makani ngati chitseko chofufuma ndi mvula. Akati ndi choncho, ndi choncho basi, ngakhale muwabweretsere bishopu. Kwa zaka makumi atatu, pa 1 Novembala, tsiku limene tonse timakayatsa makandulo pamanda a abale athu, ankatitenga ine ndi malemu mayi kukakwera basi ya ku Olszowa Wola. Kumeneko tinkapala ndere pa chiliza cha Wawrzyniec ndi Apolonia Kwiecień, n'kuyatsapo makandulo anayi. Ankati amenewo ndiwo makolo awo.

Umboni wake panalibe. Bambo anakulira kwa masisitere, kunyumba ya ana amasiye, kumene anafika nkhondo ili mkati, ali ndi zaka zitatu. Atakula analowa ntchito yokonza njanji. Tsiku lina akugwira ntchito pafupi ndi mudziwo, analowa kumanda kukadyera buledi wawo pamthunzi, n'kuona chiliza chopendekeka cholembedwa dzina lawo. Awiriwo anafa mu 1944, ndipo kwa masisitere kunali makilomita khumi okha kuchokera pamenepo. Bambo anangophatikiza okha ziwirizo, n'kubwera kunyumba maso ali psuu, akuti apeza anthu awo.

Za mayi awo ankakumbukira chinthu chimodzi chokha: dzanja. Ankati linali laling'ono, lozizira, ndipo linkawagwira pamkono mpaka kupweteka. Ine Jolanta, ndi pakamwa pangapa, ndinkawaseka kuti mayi wanji wa kadzanja ngati ka chidole. Iwo ankangondiyang'ana n'kundiuza kuti ndimalize kabichi wanga.

Chaka chatha dokotala anatiuza kuti khansa yawadya mapapo ndipo chisanu chikubwerachi sachiona. Bambo sanalire. Anangoti akufuna kukagona ndi makolo awo, popeza moyo wonse sanagonepo nawo nyumba imodzi. Ndinapita kwa bambo mfumu wa ku Olszowa Wola. Anandilandira bwino, tiyi anandipatsa, koma anati manda aja angatsegulidwe pokhapokha titabweretsa pepala losonyeza ubale. Mtima unandiwawa zedi. Zala zanga zinatha ndi kupala chiliza chija, lero ati pepala.

Ndiye ndinapita kumene amasunga mabuku akale a mpingo. Wosunga mabukuwo anali Mayi Gil, mayi wodekha wolankhula ngati akuwerenga korona. Atamva dzina lathu anayamba kundiphunzitsa. Anati a Kowal makolo awo ankasula zitsulo, a Bednarz ankakhoma migolo, ena anatenga dzina la mudzi, ena la bambo awo. Kwiecień, monga aliyense adziwa, m'chilankhulo chathu ndi mwezi wa Epulo, ndipo kale dzinali linkamamatira munthu amene chinachake chinamuchitikira mwezi umenewo. Ndinawadula mawu. Ndinati sindinabwerere sukulu, ndabwerera pepala, bambo anga akufa.

Sanakwiye, n'chifukwa chake ndimachitabe manyazi. Anafufuza tsiku lonse. Dzuwa litapendeka anandiitana n'kundionetsa kuti Wawrzyniec ndi Apolonia anakwatirana atakalamba kale, ndipo mwana sanabatizitsepo ndi mmodzi yemwe. Chaka chimene bambo anabadwa, Apolonia anali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Kenaka anabweretsa buku lina lachikuto chakuda, kaundula wa masisitere aja.

Ana ankafika pachipata chawo ali opanda mayina. Ena anali aang'ono kwambiri, ena mantha anawatseka pakamwa. Masisitere analibe nthawi yoganizira dzina la aliyense, ndiye ankawapatsa la mwezi umene afikira. Ofika mu Januwale anali a Styczeń, a mu Malichi a Marzec. Mu Epulo 1944 anafika asanu ndi awiri, onse n'kukhala a Kwiecień. Pamzere womaliza sisitere wina analemba ndi inki yofooka kuti:

"Mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi ndi kamnyamata ka zaka ngati zitatu. Wawapeza pamsewu ndi woyendetsa ngolo. Mtsikanayo salankhula. Sakulola kusiya mkono wa kamnyamatako, ngakhale powasambitsa. Tawatcha Rozalia ndi Eugeniusz."

Pambali pa dzina la Rozalia panali kamtanda kakang'ono ndi mawu oti Disembala 1944, chifuwa, waikidwa kuseri kwa tchalitchi chathu. Ndinayang'anitsitsa kamtandako. Mayi Gil anadzuka mwakachetechete n'kukandijambulira tsambalo.

Ndinanama masiku atatu. Ndinawauza bambo kuti mabuku a chaka chimenecho anapsa pankhondo. Ndinkaganiza kuti munthu amene watsala ndi miyezi iwiri sumulanda makolo, ngakhale akhale obwereka. Tsiku lachitatu ndikuwamwetsa msuzi wa nkhuku, anakankha sipuni.

"Jola, kunama sudziwa. Unatengera mayi ako. Ukanama umatsuka kapu imodzi kawiri. Tulutsa chimene chili m'chikwamacho."

"Bambo, chidzakupwetekani."

"Chimene chikundipweteka ndili nacho kale m'chifuwamu. Werenga."

Ndinawawerengera zonse, kuyambira za nkhalamba zija mpaka mzere womaliza. Pa mawu oti ngakhale powasambitsa, ndinaika pepalalo pansi. Bambo sanandiyang'ane. Anatukula mkono wawo wamanzere, wowonda ngati ndodo ya tsache, n'kuugwira ndi dzanja lamanja pamwamba pang'ono pa wotchi.

"Apa," anatero. "Ankandigwira apa. Ndiye iwe unkanena zoona, mwanawe. Kanali kadzanja ka mwana."

Ndikanakonda akanandikalipira. Kuseka kwanga konse kwa zaka zija kunandibwerera, ndipo ndinalira mpaka msuzi unazizira. Iwo anangofunsa ngati bukulo likunena kuti Rozalia anali mlongo wawo. Ndinati silikunena. Anati zilibe kanthu, munthu wachilendo sagwira choncho.

Lamlungu lotsatira ndinabwereka galimoto ya aneba, tinakweza bambo ndi chikuku chawo. Nyumba ya masisitere ikadalipo, tsopano amasungiramo okalamba. Ili m'mbali mwa msewu weniweni wa basi ya ku Olszowa Wola. Zaka zonse zija, tikafika pa mpanda umenewo, bambo ankatembenuzira nkhope kwina. Ankati akaona mpandawo amamva fungo la phala lopserera ndi sopo wochapira.

Sisitere Benigna, wamkulu wa nyumbayo, anatitsogolera kuseri kwa tchalitchi. Kunali mizere iwiri ya timitanda tachitsulo, tofika m'mawondo, tina titagwa muudzu. Pa kachinayi mumzere wachiwiri, dzimbiri linali litasiya zilembo zokwanira kuwerenga dzina la Rozalia. Pansi pake panalibe ngakhale galasi losweka la kandulo yakale. Ndinakankha chikuku mpaka tayala linagunda kamtandako. Bambo anawerama, ine ndikuwachirikiza paphewa, n'kukagwira.

"Ndabwera, mlongo wanga," anatero. "Zaka makumi atatu ndadutsa apa ndi makandulo anayi m'thumba. Sindinadziwe."

Sisitere anayang'ana kumbali. Ine ndinali ndi ukali wosadziwa woukalipira: masisitere akale aja anachita zimene akanatha, nkhalamba zija sizinatinamize, bambo mfumu anangotsata lamulo lake. Ndinatsala ndi udzu basi, ndipo ndinauzula ndi manja mpaka zikhadabo zinathyoka.

Pobwerera bambo anandilamula zinthu ziwiri. Choyamba, ndisasiye kupita kwa Wawrzyniec ndi Apolonia, chifukwa nawonso alibe wina, ndipo anawasunga bwino zaka zonsezi osadandaula. Chachiwiri, ndikapemphe masisitere malo oti adzagone pambali pa Rozalia. Ndinati lamulo la manda amenewo mwina ndi la ana okha. Anati ndikawaonetse tsamba lija, pali dzina lawo, iwonso ndi mwana wa pamenepo.

Sisitere Benigna sanafune pepala lina. Anawerenga mzere uja kamodzi, n'kuvula magalasi, n'kuvomera.

Bambo anamwalira pa 9 Okutobala, masabata atatu tsiku la makandulo lisanafike. Okumba manda atabwera ndi chingwe chawo choyezera, anafuna kusiya mpata waukulu monga mwa masiku onse. Ndinakangana nawo mpaka wamkulu wawo anati mayi inu ndinu ovuta. Ndinavomera kuti ndine wovuta, ndinatengera bambo anga. Anasuntha zikhomo zawo, ndipo pakati pa bambo ndi Rozalia panatsala mpata wongokwana mkono wa mwana.