Tiyi wa ku England wa ku Matero

Rex anali atanola kale nkhwangwa yobwereka pamene mlongo wake Ketty anatuluka ndi tipoti yopanda kanthu. Linali tsiku lachitatu chiikireni bambo awo, a Benedict Kamanga, ndipo pamaliro panangotsala anthu ochepa, aja ofuna kuona kuti shuga athera pati.

"Mtengo uyu ugwa lelo," anatero Rex. "Apa nimangapo kachipinda, tiikemo wa lendi. Kwacha yagwa, ise tili busy kusunga malalanje amene na mbuzi ikana."

Mtengowo unali kuseri kwa nyumba yawo ya khansolo ku Matero. Zipatso zake zinali zowawa moti ana akuba anazilawa kamodzi kokha n'kukachenjeza anzawo. A Benedict anaubweretsa uli m'chitini cha penti kuchokera kumayadi, kumene anaphikira mzungu zaka makumi awiri. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira tipoti ndi mbiri yoti mwezi ndi mwezi amawatumizira tiyi wa ku England, wonunkhira begamoti, chipatso cha kunja chonga lalanje. Mbiriyo ankaifalitsa a Benedict eni ake.

"Dula," anatero Ketty, "koma yamba wanipezela tiyi wa batate. Bamai sibanamwe kuyambila pa Chisanu. Mutu ubabaŵa, mtima uthamanga, ndipo wa m'shopu bakana."

Rex anatenga kiyi m'thumba la jekete la malemu n'kutsegula kachisakasa ka malata komwe bambo ake sankalola munthu kulowamo. Fungo ndi limene linayamba kutuluka. Linadzaza bwalo lonse, ndipo a Chilekwa, dalaivala wa minibasi amene ankasinza pabenchi, anadzuka n'kuvula chipewa.

M'katimo munalibe phukusi lililonse la ku England. Munali mapaketi a tiyi wotchipa, yemwe uja anthu ankamuimira pamzere kuyambira m'mawa. Munali chivundikiro cha chitini chobowoledwa ndi msomali, chatha kupala. Pa nyuzipepala panayanikidwa tizipalo tobiriwira ta makoko a malalanje owawa aja. Pathabwa panandandalikidwa timapepala tokulungamo tiyi wosakaniza ndi tizipaloto, toposa makumi atatu, kalikonse kolembedwa ndi pensulo.

Ketty anayamba kuwerenga mokweza. "Angelina wa tomato: m'mimba, amwe akatha kudya. Abusa: shuga achepetse. Chilekwa: asamwe madzulo, sagona, ndipo anyamula anthu."

A Chilekwa anayandikira mwakachetechete ngati akulowa m'tchalitchi.

"Bonse aba?" anafunsa. "Ine bananiuza ati phukusi ni ling'ono, usauzeko munthu. Zaka eyiti nimaganiza nine nekha mu Matero nikumwa va ku England."

Mayi awo, a Dyness, anali atakhala pamphasa pakhonde, chitambala chakuda kumutu. Rex anagwada n'kuwaonetsa chivundikiro chija.

"Bamai, kulibe England. Batate benze kutinamiza."

"Mzungu uja anatuma kawiri chabe, n'kumwalira," anatero a Dyness. "Unali usanayambe na sekondale."

"Munaziba?"

"Nanga zala zawo sindinali kuziona? Munthu auka tambala asanalire, apala makoko mpaka zala zituluka magazi, kuti ine ndimwe monga mkazi wa bwana pamene sopo m'shopu mulibe. Ine ndimuuze kuti ndadziwa? Iwe ukakwatira uzamvetsa, ngati alipo amene azakulola."

Ketty anaseka, kuseka koyamba m'nyumbamo chimwalirireni bambo. Kenaka anafuna kuthira masamba m'ketulo imene inali pambaula.

"Leka, uphe tiyi?" anatero mayi ake. "Masamba saphika monga nyemba. Tsukuluza tipoti ndi madzi otentha, utaye. Supuni imodzi munthu mmodzi. Madzi akangogaduka, thira, vundikira. Mkaka ayi, ubisa fungo."

"Niyembekeze mpaka liti?"

"Atate ako wotchi anagulitsa kalekale. Anali kuimba ndime ziwiri za nyimbo ya tchalitchi. Zitatu, wawawa."

A Dyness anaimba okha, motsitsa. A Chilekwa anawathandiza ndi besi yomwe inkaphonya apa ndi apo. Anthu otsala aja anasiya kuyang'ana shuga. Ndime yachiwiri itatha, a Dyness anamwa, natseka maso, ndipo mapewa awo, amene anali m'mwamba kuyambira Lachisanu, anatsika.

Rex anabwerera m'kachisakasa kukasonkhanitsa timapepala tija kuti eni ake akalandire. Kumapeto kwa thabwa kunali kamodzi kokulungidwa kawiri, pepala lake lachikasu ndi ukalamba. Iye sanamwepo tiyi wa bambo ake. Ankati n'zamankhwala, za nkhalamba. Pakapepalako panalembedwa kuti: "Rex. Uyu samwa. Musungireni, adzakula."

Anakawerenganso, bambo wa zaka makumi atatu ndi ndevu zake.

Potuluka anapatsa a Chilekwa nkhwangwa ija. "Mukapita mukasiyeko kwa bene bake."

Kenaka anathyola lalanje limodzi lobiriwira, nakhala pansi pa mtengowo, chivundikiro pabondo. Anapala kamodzi, chala n'kuchekeka. Anachiyamwa, n'kupitiriza.