Chikuni cha pa Mphambano

Asanayende n'komwe mtunda wautali kuchokera pageti la paki, Gertrude anali atawerama kale kanayi. Kanthambi kouma kakagona m'mbali mwa njira, dzanja lake linkangopita lokha. Mlamu wake Elube, amene anali patsogolo ndi fulasiki ya tiyi, anacheuka n'kumupeza atafungatira nkhuni pachifuwa.

"Alamu, tabwera kudzayenda kapena kudzatola nkhuni?"

"Kuyenda ndikuyenda ndithu," anatero Gertrude. "Koma ikuyenda ndi miyendo. Manjawa alibe ntchito."

Elube anaseka mpaka mbalame zinauluka mumtengo. Ananena kuti akadzamwalira alamu akewo, anthu adzasamale, chifukwa adzadzuka panjira ya kumanda n'kuyamba kutola tizitsotso.

Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Joni kukuluma makutu. Tsikulo linali lalikulu kwa a Symon, amuna a Gertrude, amenenso anali achimwene ake a Elube. Kwa zaka khumi ndi chimodzi iwo ankagwira maganyu m'magadeni a ku Edenvale, lero nyumba iyi, mawa iyo, mkuja palibe. Kenako oyang'anira paki ya mitengo imeneyi anawatenga mowayesa kwa miyezi itatu. Anawapatsa chikwanje, khasu ndi wilibala kuti alambule njira yatsopano yodutsa m'nkhalango mpaka pamwamba pa kaphiri. Miyezi itatuyo inkatha tsiku lomweli. Mayi Sibeko, mkulu wa pakiyo, ankabwera ndi gulu la okalamba oyenda Loweruka lililonse kuti adzaiponde njirayo koyamba. Akabwerako okondwa, a Symon alembedwa ntchito yokhazikika. Gertrude anali atapempherera zimenezi m'mawa uliwonse m'takisi yopita kuntchito, chamumtima, maso ali pawindo.

A Symon anafuna kuti akazi awo ndi mlongo wawo aione njirayo alendo asanafike. Pageti anawauza kuti m'paki sachotsamo kanthu. Gertrude anamva ndithu, koma anaganiza za maluwa, mazira a mbalame ndi nkhanga zimene zinkathamanga m'udzu. Nkhuni sanaziwerengere. Chakufa kale chingakhale ndi mwini? Kenako a Symon anatsogola mofulumira kukaona ngati mphepo inagwetsa kanthu kumtunda, n'kuwauza kuti akakumane pamwala waukulu pamwamba.

Kunena zoona, zoyenda popanda chifukwa Gertrude sankazimvetsa. Kwawo ku Thyolo munthu amalowa m'tchire kukafuna nkhuni kapena bowa, apo ayi akudutsa kupita kumaliro. Madamu amene ankawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Edenvale anali ndi nsapato zapadera zoyendera, ndipo ankabwerako thukuta lili kamukamu, m'manja mulibe kanthu. Chonsecho ku Dukathole, kumene iye ndi a Symon ankakhala m'kanyumba ka malata, mbaula inkadya zidutswa za matabwa onunkha penti, utsi wake wotsokomoletsa mwana wawo Miracle. Ndiye pano bulugamu wouma bwino anali mbwee pansi, wopanda womuyang'ana. Gertrude anaona ngati kumudutsa n'kunyoza mphatso.

Njira ya a Symon inali yokongola. Pamalo otsetsereka anaika miyala ngati masitepe, ndipo mizu yopunthwitsa anaikwirira ndi dothi. Gertrude anazindikira dzanja lawo paliponse, monga mmene ankazindikirira kapindidwe kawo ka bulangeti. Anayamika mumtima, koma maso ake sanachoke pansi.

Atafika pamene njira inagawikana pawiri, anaona chikuni chachitali cha bulugamu, chonenepa ngati mkono wa mwamuna, chitagona chopingasa pakamwa pa njira ya kumanzere. Chinali chouma mpaka kulira akachigogoda. Anachikoka, n'kuchiika pakati pa nkhuni zake kuti chikhale msana wa mtolo. Anamanga ndi chitenje chimene anatengera kuti akhalire, mpango wa kumutu n'kuupinda nkhata.

"Nditwikeni, alamu."

Elube anang'ung'udza kuti iye anavala jekete yatsopano kuti ajambulitse zithunzi zotumiza kumudzi, osati kuti azinyamula mitolo. Komabe anaika fulasiki pansi n'kumutwika. Anatsata njira ya kumanja, mmene munali mapazi a magambutsi a a Symon.

Pamwamba anawapeza atayala jekete yawo pamwala kuti azimayiwo asakhalire pozizira. Anali akumwetulira, koma ataona mtolo kumwetulirako kunazima pang'onopang'ono. Anayandikira n'kukhudza chikuni chachitali chija, pamene panali zipsera ziwiri za chikwanje.

"Mayi a Miracle, ichi mwachitenga pati?"

"Pamphambano paja."

A Symon anavula chipewa n'kuchivalanso. Anafotokoza mosakweza mawu kuti zikwangwani zolozera njira zinali zisanabwere, ndiye iwo anachita monga amachitira kumudzi: wotsogola amatseka njira yolakwika kuti obwera m'mbuyo asasochere. Iwo anali atawauza mayi Sibeko dzulo lake kuti paliponse pogona chikuni, asalowepo.

"Koma kwathu amatseka ndi masamba aawisi," anatero Gertrude, mawu akuchepa.

"Mphepo ya Juni ingawasiye masamba pansi?"

Njira ya kumanzereyo inali yakale, yotakata kuposa yatsopano, ndipo inkatsikira kudambo la bango kumene matope sauma ngakhale m'chilimwe. Atatuwo anatchera khutu. Kumunsi, kumene kunkawala nsonga za bango, kunkamveka mawu a anthu ambiri olankhula nthawi imodzi.

Elube ndiye anayamba kupeza nzeru. Anati mtolowo auponye m'tchire, ndipo akafunsidwa anene kuti mwina ana a sukulu ndiwo anasuntha chikunicho. Ndani anawaona? A Symon anapukusa mutu. Anati ana a eni sangawanamizire, ndipo akanena kuti iwo ndiwo anaiwala kutseka.

"Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu," anatero Elube, akuyang'ana mlamu wake cham'mbali.

Gertrude anayang'ana a Symon. Anaona kuti amuna ake sanamukalipire ngakhale ndi diso, ndipo zimenezo zinamulemera kuposa mtolo. Anakumbukira miyezi itatu ya kudzuka kusanache, ndi matuza amene ankawapaka mafuta madzulo. Anati chamumtima, "Ambuye, mwaona." Kenako anatembenuka, mtolo uli pamutu, n'kufunsa njira yachidule yotsikira kudambo.

"Tulani kaye, alamu, mukupita nawo umboni?"

"Ndikupita nawo."

Anatsika kudzera m'kanjira ka antchito, a Symon patsogolo akugwira nthambi kuti zisamukwapule kumaso. Kudambo anapeza okalamba asanu ndi anayi ataunjikana pakachulu kouma pakati pa bango, ndodo zawo zoyendera zili m'manja. Anali atawoloka kale matope ena kuti afike pamenepo, masokosi ali bii. Bambo wina wamtali wa ndevu zoyera anaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, nsapato yake itatsala m'thope, anzake akumuseka. Koma gogo wina wamng'ono thupi anali atakhala pansi atagwira bondo, ndipo zinkaoneka kuti kubwerera mtunda wonse umene anatsika sakanatha. Mayi Sibeko anaima pambali pake, foni ili m'manja, nkhope itauma.

Pakati pa kachuluko ndi nthaka youma pamene panaima a Symon panali matope okwana mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi basi. Kuchokera pamenepo kukafika panjira yatsopano kunali pafupi, ndiponso kosakwera.

Gertrude anatula mtolo, n'kumasula chitenje. Anavula nsapato, analowa m'matope ozizira mpaka m'akakolo, n'kuyamba kuyala nkhuni zake chopingasa, imodzi pambali pa inzake, monga amayalira thandala la mbale. A Symon anamvetsa osauzidwa. Ankaponda nkhuni iliyonse ndi gambutsi kuti ikhazikike, n'kuthirapo bango louma pamwamba. Chikuni chachitali chija anachigwira mbali imodzi iwo, mbali inayo Elube, amene anali ataiwala za jekete yatsopano, kuti owoloka apeze pogwira.

Anawoloka mmodzimmodzi. Gertrude anapisa dzanja m'thope n'kuzula nsapato ya bambo wa ndevu uja, ndipo iye anailandira ndi manja awiri, akugwada pang'ono moseka. Gogo wa bondo uja anawoloka atakoleka mkono m'khosi mwa Gertrude. Atafika pouma anatulutsa lalanje m'thumba, analisenda yekha, n'kumupatsa theka.

Womaliza kuwoloka anali mayi Sibeko. Anayang'ana nkhuni zili m'matope, anayang'ana a Symon, n'kufunsa chifukwa chake njira yakale inali yosatseka.

A Symon anavula chipewa. Anali atangoyamba kunena kuti kulakwa n'kwawo pamene Gertrude, amene sankalankhula amuna ake akulankhula, anawadula. Anafotokoza m'Chingerezi chake cha kukhitchini, chosakaniza ndi Chizulu cha m'takisi, kuti njirayo inali yotseka bwinobwino. Anaitsekula ndi iyeyo. Chikuni ndi ichi, zipsera za chikwanje ndi izi. Anachitenga kuti akakolezere moto.

Mayi Sibeko anafunsa kumene amakhala. Atamva kuti ndi ku Dukathole anapukuta foni pa buluku. Kenako ananena momveka bwino kuti m'paki simutuluka nkhuni, ngakhale kamodzi. Mtengo wakufa ndi chakudya cha tizilombo, tizilomboto n'chakudya cha mbalame zimene anthu amabwera kudzaona. Gertrude anavomera ndi mutu, maso ali pa zala zake zamatope.

Pamenepo bambo wa ndevu uja, nsapato ikulira madzi, analowererapo. Anati wayenda m'pakiyi zaka zambiri koma dambo ili anali asanalione, ndipo pakachulu paja anawerenga mitundu inayi ya mbalame ataima ndi mwendo umodzi. Anzake anagwirizana naye, ena akufunsa ngati sabata yamawa angadzerenso komweko.

Mayi Sibeko anapumira m'mwamba. Anaponda nkhuni za Gertrude kawiri, kuyesa kulimba kwake.

"Symon, izi sizikhalitsa. Lolemba mudzatenge matabwa kusitolo ya zipangizo, mudzamange kamlatho kenikeni pano." Anayamba kuyenda, kenako anacheuka. "Koma mudzayambe mwadzera ku ofesi ndi mapepala anu. Pali posaina."

Gulu lija litalowa m'mitengo, Elube anakhala pansi n'kutsegula fulasiki. Anathira tiyi m'chivindikiro n'kupatsa mlamu wake poyamba.

"Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu, achimwene. Koma akazi anuwa tsiku lina adzazula mtanda wa kutchalitchi, ati ndi wouma bwino."

A Symon anaseka mpaka kutsokomola. Atatha anagwada, n'kupukuta mapazi a Gertrude ndi chitenje chija asanavale nsapato, monga munthu wochita kanthu wamba. Gertrude anagawa theka la lalanje lija patatu.

Chikuni chachitali anabwerera nacho kumphambano. Gertrude anakana kuthandizidwa. Anachigoneka yekha pakamwa pa njira ya kumanzere, zipsera zili m'mwamba, mmene anachipezera.

Pobwerera kugeti khosi lake linali lopepuka, ndipo sanadziwe choti achite nalo. Anayesa kuyang'ana m'mwamba. Anaona kuti makungwa a bulugamu amasendeka okha n'kusiya thunthu loyera ngati losambitsidwa, ndipo pamwamba penipeni masamba ankagwedezeka padzuwa pamene pansi panalibe mphepo. Panthambi ina panakhala kadzidzi wamkulu, maso atatsinzina. A Symon anati amakhala pomwepo masiku onse, ndipo m'mawa uja Gertrude anamudutsa pansi pake.

"Sindinamuone," anatero Gertrude.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi a Miracle."

Anaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, wopanda womufulumizitsa. Geti litayamba kuonekera, m'mbali mwa njira munagona kanthambi kouma, kowongoka, koyenera kuyatsira mbaula. Phewa la Gertrude linayamba kutsika lokha. Elube anamuona, n'kumukankhira fulasiki pachifuwa.

"Gwirani ichi, alamu, manja apeze ntchito."

Gertrude anaigwira ndi manja onse awiri mpaka anatuluka pageti.