Masamba Achikasu

Amayi anali atathothola kale masamba odzaza dzanja pamene Mzime, mwana wawo wotsiriza, analowa mu holo atapanira laputopu kukhwapa.

"Amayi, m'manjamo muli chiyani?"

"Zinyalala. Mtengo wakowu umaoneka ngati wamasiye. Alendo azidzaona masamba ofota?"

Ndi mmene analili Amayi. Kubanki, kuchipatala, ngakhale kwa apongozi, akangoona tsamba lachikasu dzanja linkapita lokha. Koma mtengo uwu, wodzalidwa mumphika pakati pa holo ya zionetsero, unali ntchito ya Mzime ya chaka chathunthu. Pa masamba ofotawo anamatapo timawaya topyapyala ngati tsitsi. Munthu akakhudza tsamba, kompyuta inkamva, pakhoma loyera n'kuphuka maluwa a kuwala, phokoso la mvula n'kumamveka m'masipika. Tsopano timawayato tinkangolendewera. Panja alendo anali atayamba kusonkhana, ndipo mwini holo anali atanena kuti akaona lero, ndi pamene agamule ngati ntchitoyo ikhale mwezi wonse kapena ichoke mawa.

Mzime sanakalipe. Anagwada n'kuyamba kufufuza guluu m'chikwama. Guluuyo sankauma tsiku lomwelo.

"Ndimayesa ndi ulusi wa kangaude," anatero Amayi chapansipansi. Anatola kawaya kamodzi n'kukapanikiza patsinde ndi chala, ngati kuti kamera pomwepo.

Duwa lofiirira, lalikulu ngati chitseko, linatambasuka pakhoma.

"Musasunthe," anatero Mzime. Anawagwira dzanja linalo. Maluwa anachuluka mpaka kudenga, mvula inakula.

Amayi anangoti kukamwa yasa. Chaka chonse ankauza anzawo kuti mwana wawo amakonza makompyuta, poti zenizenizo sankadziwa pozigwira. Kani mwanayu ankaphunzitsa khoma kumva dzanja la munthu.

Zitseko zitatsegulidwa, alendo anandanda kudzapatsa Amayi moni wa m'manja, iwo chala chikadali pakawaya paja, ndipo moni uliwonse unkaphukitsa maluwa akeake. Mwini holo anachedwa nalo dzanjalo, maso ali kudenga.

"Nzeru yoika munthu pakatiyi ndi ya ndani?"

"Ya awa," anayankha Mzime. "Sanandifunse n'komwe."

"Ikhale mwezi."

Anthu atapita, Amayi anakhala pansi n'kuvula nsapato, akusisita phewa.

"Ndimata timawayato tsopano, pofika mawa zikhala zitauma," anatero Mzime. "Simuvutikanso."

Amayi anayang'ana khoma lija, lomwe tsopano linali mbee.

"Usamate tonse. Kamodzi undisiyire. Mawa ndibwera ndi nsapato zafulati."