Manja Osavala Magolovesi

1.
Ndiye ukuti alendo aja sunawaletse.
Ndikanawaletsa bwanji, Pulofesa, inu mutaima pompo?
Ine ndinaima ngati wolandira alendo. Labotale ndi yako.
Komatu Pulofesa, kabotolo kaja...
Ndamaliza. Utseke chitseko potuluka.
Ndaziona anayang'ana Pulofesa Mtambalika, amene ankamuyang'anira pa digiri yake yachiwiri, n'kumeza mawu otsalawo. Dzulo, pamaso pa alendo, labotale inali yawo. Lero yagona n'kudzuka ili yake.

2.
RNA ndi kaulusi ka zilembo zinayi. Ndaziona ankakaluka pa makina, chilembo ndi chilembo, ndipo pa chilembo china chapakati anamangirirapo seleniyamu, monga mmene munthu amamangira kansalu kumwendo kwa nkhuku kuti aizindikire pakati pa za eni. Akakaunika kaulusiko ndi ekisire, kansaluko n'kamene kamaulula mmene ulusi wonse wapindikira. Makina ounikirawo kuno kulibe. Yunivesite ina ya kunja inawasungira malo, ndipo wopita nako anali Ndaziona. Popanda ulendowo, digiri palibe.

3.
Zimene zimadya RNA:
thukuta
malovu
mfundu za m'mutu
chala chimodzi chosavala
ulemu.

4.
Ulusi woyamba unaduka pakati chifukwa magetsi anazima makina ali pa chilembo chachisanu, wachiwiri unakana chifukwa chinyezi cha dzinja chinalowa m'mankhwala, wachitatu unadikira seleniyamu amene anakhalitsa pabwalo la ndege ngati wasowa achibale, ndipo nyengo yonseyo iye akupukuta tebulo, akusintha magolovesi, osayankhula pafupi ndi ntchito, osatsokomola, osaseka, kumaliro a azakhali ake anafika mochedwa, anthu akuchokera kumanda, mpaka tsiku limene anayeza n'kuona mzere umodzi wowala, wopanda zinyenyeswa pansi pake, umboni wa ulusi wathunthu, Pulofesa n'kumusisita paphewa, amvekere labotale yathu yakula

5.
Mlendo wa dzuloyo anali bwana wamkulu wochokera ku likulu, wa tayi wofiira ndi mpango wopukutira thukuta. Anapatsa aliyense dzanja.
Vula magolovesi, Pulofesa anamunong'oneza. Upereka moni ngati akukunyansa?
Anavula.
Tsopano aonetse bwana zimene wapanga.
Pulofesa, sizituluka mufiriji.
Ndaziona.
Dzina lake lokha, koma lotchulidwa ndi mano. Anapita kuchipinda cha firiji, n'kubwera ndi kabotolo kochepa ngati chala cha khanda. Anakapereka ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono, mmene anamulerera.
Bwana anakatsekula. Anakanunkhiza. Anagwira mkati mwa kachivundikiro.
Sizinunkha kanthu, anatero, akusekera momwemo. Sayansi yake ndi yomweyi?
Onse anaseka. Pulofesa anaseka kuposa onse, ngakhale kuti ndi iwo amene analemba pakhomo paja kuti OSAGWIRA.

6.
Osagwira.

7.
Fatsani, mnzake wa tebulo loyandikana, anamupeza akutsuka mabotolo masana.
Sisi, wamva? Pulofesa aimba kale foni ku yunivesite ya kunja ija.
Auza anthu chiyani?
Akuti wophunzira sanasamale, ntchito yawonongeka, malo aja apatseni ena. Iwe uyesenso chaka chamawa.
Asanayeze n'komwe?
Ayezerenji? Anaona okha bwana akulavuliramo madalitso.
Za bwanayo anenako?
Fatsani anaseka. Bwana alibe malovu, sisi. Malovu ndi athu ana asukulu.

8.
Labotale ndi yako. Labotale yathu yakula. Labotale ndi yako.
Ndaziona ankakonda mafunso ozunguza mutu, koma ili linali losavuta mpaka kunyansa: chinthu chimodzi, eni ake awiri, mmodzi wa tsiku la zithunzi, wina wa tsiku la mlandu. Anatseka mpope. Anapukuta manja, n'kuvala magolovesi ena.

9.
Analowa mu ofesi ya Pulofesa osagogoda, atanyamula bokosi la ayezi. Analiika pamwamba pa mapepala awo.
N'chiyani chimenechi?
RNA. Yonse. Sinatuluke mufiriji dzulo. Ndaiyezanso, mzere udakali umodzi.
Nanga bwana anagwira chiyani?
Madzi. RNA ikasungunuka imaoneka ngati madzi, Pulofesa, munandiphunzitsa ndinu. Manja a bwanayo ndinawaona atangolowa pakhomo.
Pulofesa Mtambalika anavula magalasi. Anayang'ana bokosilo, anayang'ana chitseko, ngati bwanayo angatulukire kuseri kwake.
Ndiye kuti unanamiza mlendo wolemekezeka. Pamaso panga.
Eya. Ine ndinanamiza munthu amene waiwala kale dzina langa. Inu mwaliipitsa kwa anthu amene akanaliwerenga.
Panja wina ankatchetcha kapinga. Ayezi ankasungunuka pang'onopang'ono, madzi akulowerera m'mapepala, ndipo palibe anasuntha bokosilo.
Foni ija muimbanso ndinu, kapena ndiimbe ine?