Nsalu za Makhola a Udzudzu

Kuntchito ankamutchula kuti Dokotala, ngakhale sanabayepo munthu jakisoni. Ntchito yake inali kuweta udzudzu. Anthu akamva ankaseka, iye n'kumaseka nawo, chifukwa kufotokoza kunkamutopetsa.

M'chipinda chopanda zenera, chotentha ndi chachinyezi, munali makhola anayi awaya okutidwa ndi nsalu yamaukonde, ndi mabeseni a mphutsi pashelefu. Udzudzu umenewu unali usanakumanepo ndi mankhwala chibadwire, ndipo phindu lake linali lomwelo. Pofuna kudziwa ngati udzudzu wofalitsa malungo wayamba kupirira mankhwala, ankauyerekeza ndi wowetawu. Popanda uwu, kafukufuku wake wa zaka zitatu analibe poimira. Lolemba ndi Lachinayi ankapinda malaya n'kulowetsa mkono m'khola kuti uyamwe. Wodzola mafuta onunkhira sankaponda m'chipindamo, ngakhale atakhala bwana.

Tsono nsalu za makhola zinatha, zibowo mbwee. Zatsopano anaitanitsa kalekale, koma makalata a muofesi sathamangira munthu. Bambo Magalasi, omwe anakalambira pa makina oonera tizilombo, anafukula mpukutu wansalu m'sitolo, wachikasu ndi ukalamba koma wopanda mankhwala. Dokotala anautengera kunyumba pamodzi ndi miyeso, popeza amayi ake anali telala.

Lamlungu anapeza nsalu zinayi zili zopinda patebulo, zoyera mbee.

"Amayi, mwachapa kodi?"

"Sopo sanakhudzepo, mwanangu. Unanena kuti ziweto zako zimadana ndi fungo, ndinamva."

Ankafulumira, sanafunsenso. Lolemba anaveka nsaluzo pamakhola ndi manja ake, ndipo ndi manja omwewo anadyetsa mphutsi n'kusuntha mabeseni.

Lachiwiri m'mawa anapeza Bambo Magalasi ataima pakhomo, manja kumbuyo. M'chipindamo munali zii. Udzudzu unali utagwera pansi pa makhola onse anayi, miyendo m'mwamba, ndipo m'mabeseni simunkagwedezeka kanthu. Anayang'ana magetsi, chinyezi, madzi a shuga, zonse zili bwino. Bambo Magalasi anatembenuza nsalu imodzi n'kumuonetsa kachikwangwani kosokereredwa mumsoko.

"Iyi ndi neti yogonamo, Dokotala. Yamankhwala. Ndiponso ndi yamphamvu, tisaname."

 Dokotala anavula chovala chantchito n'kukakwera basi dzuwa lili paliwombo. Njira yonse ankakonza mawu, ndipo anali mawu olemera.

Anapeza amayi ake pakhonde akupalasa makina, mapini kukamwa. Anadutsa osapereka moni, molunjika kuchipinda kwawo. Pamwamba pa bedi panalendewera chingwe cha neti chokha. Mpukutu wachikasu uja unali pakona, wosakhudzidwa.

"Wabwera msanga," anatero amayiwo ali pakhomo. "Waona eti? Chisanza unabweretsacho sindikanasoka ine. Dokotala wathunthu, azungu akubwera kudzaona ntchito yako, apeze zachikasu? Ndinadula yanga ija unandipatsa mwezi watha. Inali isanachapidwepo n'kamodzi komwe."

"Nanga inu mukugona bwanji?"

"Ndimangofunda kumutu. Udzudzu wakuno ndi ine tinadziwana kale." Anachotsa pini kukamwa. "Misoko ndinabwereza kawiri kuti kasatuluke ngakhale kamodzi."

Dokotala anakhala pabedi. Mkwiyo unalipo, wambiri, koma unasowa pogwera. Malamulo a chipinda chija anawaphunzitsa aliyense, mpaka wokolopa ndi mlonda. Koma amayi ake amene ankadya nawo tsiku ndi tsiku, zaka zitatu zonsezi anangowauza za fungo basi. Anachita manyazi, ndipo chisoni chinamugwira.

Amayiwo anamuyang'anitsitsa, nkhope yayamba kugwa.

"Bwanji, sizinakwane? Nenatu, ndikhoza kuphwasula."

"Zakwana, amayi," anatero. "Zakwana ndendende."