Nkhope ya Banwari

Banwari anafera ku Sri Lanka ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, chaka chija asilikali a dziko lake anawoloka nyanja kukalowerera nkhondo ya eni ake. Ku Gudawas kunangofika bokosi lake lachitsulo ndi kachitini ka phulusa la mtembo wake. Maliro atatha, akuluakulu a banja anakhala pansi n'kugwirizana kuti mng'ono wake, Girdhari, alowe chokolo, kuti munda ndi mkazi zisachoke pakhomo. Girdhari anali asanamere ndevu zenizeni. Mkaziyo, Kesar, anali munthu amene ankamuitana kuti alamu. Girdhari anamufunditsa nsalu pamaso pa abale monga mwa mwambo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anakhala monga anthu amakhalira. Anabereka ana atatu, onse anakula n'kupita kwina. Girdhari ankalima mchewere nthawi yamvula, mpiru nthawi yozizira, n'kumasunga njati zamkaka kuseri kwa nyumba.

Tsitsi lake litayera kale, a komiti ya tawuni anazindikira kuti matawuni oyandikana nawo onse ali ndi ziboliboli za asilikali awo pasiteji ya basi, Gudawas yokha ilibe. Anafufuza amene angamuimike, ndipo dzina la Banwari linatulukira. Anaitanitsa wosema miyala wa ku Jaipur, dzina lake Mangilal, munthu wamfupi, wa zala zong'aluka ndi fumbi.

Mangilal anafika masana, anamupatsa bedi lazingwe pabwalo ndi tiyi. Panabweranso a Yakub Khan, amene anali gulu limodzi ndi Banwari kunkhondo kuja, ndipo tsopano ankatha tsiku lonse pabenchi ya wogulitsa tiyi. Girdhari anatulutsa chithunzi chimodzi chokha chimene anali nacho. Chinali chaching'ono ngati bokosi la machesi, chitafwifwa, chipewa chitaphimba mphumi.

Mangilal anachiyang'ana pafupi, kenako patali.

"Chipewa ndachiona. Munthu ali kuti?"

"Ndi yemweyo," anatero Girdhari.

"Apa pali madontho awiri ndi kamzere. Mukufuna ndiseme madontho? Ndiuzeni inu amene munkamudziwa. Mphuno inali yotani?"

"Yaitali," anatero a Yakub. "Ndevu zapamlomo zinali zopotana, zofika kuno."

"Ndevu zotero analibe," anatsutsa Girdhari. "Ankameta."

"Kwanu kuno ankameta poopa bambo anu. Kumene tinali ife kunalibe bambo anu."

Mangilal anatembenukira kukhomo, kumene Kesar anaima nsalu itaphimba nkhope poti panali amuna achilendo. "Nanga mayi? Mkazi ndiye amadziwa nkhope ya mwamuna wake."

Kesar anati, "Anabwera ku tchuthi kawiri. Masana ndinkakhala chophimba chonchi chifukwa cha apongozi, iwo ali kwa anzawo. Ndingakunamizeni. Mapazi ndiye ndikuwakumbuka, anali aakulu, chala chaching'ono chopindika."

"Mapazi alowa m'majombo, mayi," anatero Mangilal.

Anamwa tiyi wake, maso ali pa Girdhari. Atatha anati, "Achimwene, tayang'anani kumtengo uko. Kwezani chibwano. Munali a mimba imodzi?"

"Eya."

"Basi, ndigwiritsa ntchito nkhope yanu. Makwinya ndichotsa ndekha."

Girdhari anakana. Anati ali ndi munda woti athirire, anatinso n'zosayenera munthu wamoyo kuikidwa pamwala. Koma a komiti anali atalengeza kale tsiku lotsegulira, ndipo anamuchonderera mpaka anavomera.

Mangilal ankayamba waumba mutu wadongo asanakhudze mwala. Anamupatsa shedi kuseri kwa sukulu, ndipo m'mawa uliwonse Girdhari akakama njati ankapita kukakhala pampando wopanda choyedzamira, chipewa chakale cha a Yakub chili kumutu. Nkhani inafika msanga pa tiyi.

"Girdhari, unafa liti osatiuza?" anamufunsa wogulitsa tiyi akudutsa. "Tikanabwera kudzalira."

"Ukadzabwera ndi tiyi wamadzi yemweyu, ndidzadzuka n'kukuthamangitsa."

"Mkazi unatenga, munda unatenga, pano ukutenganso mwala. Musiyireko kanthu m'bale wako."

Anthu anaseka, iyenso anaseka, koma mawuwo anapita nawo kushedi.

A Yakub ankabwera kudzaonerera, amvekere akuonetsetsa kuti chipewa chakhala bwino. Tsiku lina, Mangilal akukonza tsaya ladongo ndi kamtengo, Girdhari anafunsa osatembenuza mutu.

"A Yakub, zinakhala bwanji kwenikweni?"

Zaka zonsezo anali asanafunsepo za imfa ya mkulu wake. Makolo awo ali moyo, nkhaniyo sinkatchulidwa pakhomo, ndipo atamwalira inali itakalamba.

"Sizitalika," anatero a Yakub. "Tinali m'munda wa ngole, kokonati uja, pafupi ndi Jaffna. Madzi anatithera. Panali chitsime kuseri kwa nyumba ina yopanda anthu. Linali tsiku langa lotunga, koma ndinali ndi malungo, ndiye mkulu wako anatenga zigubu. Anadzaza chimodzi. Akudzaza chachiwiri, tinamva mfuti kuchokera m'mitengo. Titafika anali akupumabe pang'ono."

"Ananena chilichonse?"

"Anafunsa ngati madzi atayika. Ndinamuuza kuti ayi. Sananenenso china."

"Musagwedeze mutu, achimwene," anatero Mangilal.

Girdhari sanagwedeze. Anayang'anabe pamsomali wa pakhoma umene anamuuza kuti aziyang'ana.

"Tinamuwotcha komweko ndi makoko a ngole," anapitiriza a Yakub. "Ine mwambo wanu sindinkaudziwa bwino, koma panali mnyamata wa ku Sikar amene ananena mapemphero. Phulusa ndinawola ndine."

Mangilal anapukuta manja pansanza. "Lero tilekere pomwepa. Pakamwa panu pauma kwambiri, ndingaseme munthu wokwiya."

Mutu wadongo unapita ku Jaipur, ndipo mpiru utayamba maluwa, chiboliboli chinabwera pa lole chitakulungidwa m'masaka. Tsiku lotsegulira kunali bandi ya sukulu, mipando ya pulasitiki ndi mlendo wolemekezeka amene anachedwa mpaka dzuwa linafika pamutu. Polankhula anamutcha Banwari kuti mkango wa m'chipululu, ndipo anaphonya dzina la malo amene anafera. Kenako anaitana mkazi wa ngwazi kuti akwere pansanja. Kesar anavula nsapato posonyeza ulemu, anazipereka kwa Girdhari, n'kukwera. Anamufunditsa shawelo, anamujambula. Girdhari sanaitanidwe. Anaima pansi ndi nsapato za mkazi wake m'manja.

Atachotsa nsalu, anthu anaomba m'manja. Panaima mnyamata wa mwala woyera, mfuti paphewa, ndevu zopotana monga anafunira a Yakub. Azimayi achikulire amene anali kutsogolo anayang'ana chibolibolicho, n'kucheukira Girdhari, n'kuyamba kunong'onezana. A Yakub anaima nji, anamenya saluti, misozi ikuyenderera m'ndevu zawo.

"Akufanana?" Girdhari anawafunsa mwambo utatha.

"Ayi," anatero a Yakub. "Banwari anali woipirapo nkhope kuposa iwe. Koma waima bwino."

Pobwerera kunyumba anadzera njira ya kuminda. Kesar anali kutsogolo, shawelo yatsopano itapindidwa m'khwapa. Atapitirira nyumba zomaliza anakweza nsalu yakumaso.

"Uja ndinu," anatero. "Mmene munalili tsiku lija anandipereka kwa inu. Maso amantha omwe aja."

"Sindinkachita mantha."

"Nsalu inatsala pang'ono kugwa m'manja mwanu."

Anayenda pang'ono. Ngolo ya ngamila inawadutsa itasenza udzu, ndipo anapatuka kuti fumbi lithe. Girdhari anamufotokozera za chitsime chija ndi zigubu, monga anamvera kwa a Yakub. Kesar anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndi iwodi amenewo," anatero. "Ulendo womaliza uja anandikalipira chifukwa ndinataya mkaka pang'ono pothira m'ndowa. Kenako anachita manyazi, anakandigulira zibangili zobiriwira, zosakwana n'komwe m'manja mwanga."

"Sunandiuzepo."

"Simunafunse."

Girdhari anathyola duwa la mpiru n'kulifikisa m'zala. Funso limene analisunga kwa zaka zambiri linatuluka losakonzeka bwino.

"Akanabwerako, ukanakhala bwino kuposa pano?"

Kesar anaima, anamuyang'ana ngati wafunsa mtengo wa mvula.

"Ndingadziwe bwanji? Iwo ndinawadziwa matchuthi awiri okha. Inu mwanditopetsa moyo wonse. Lero ndinawamvera chisoni, osanama. Anali mwana, wocheperapo kuposa wathu womaliza. Pansanja paja ndimaganiza zimenezo, kuti winawake anayenera kumuuza kuti asapite yekha kuchitsime."

Anayambanso kuyenda, ndipo Girdhari anamutsatira.

Pasanapite nthawi, makondakitala anasiya kunena kuti siteji ya Gudawas, anayamba kufuula kuti, "Otsika pa Banwari!" Nkhata zamaluwa zinauma, nkhunda zinapeza potera. A komiti sanaike munthu wosamalira malowo. Girdhari akapita kukapereka mkaka m'mawa anayamba kutenga ndowa yachiwiri ndi chisanza. Ankakwera pamaziko, n'kuyamba kupukuta chipewa ndi mapewa a chibolibolicho.

Wogulitsa tiyi anamuona tsiku loyamba. "Ena amasamba kunyumba, iwe pasiteji?"

"Thira tiyi, ndikubwera," anatero Girdhari. "Uthirenso wa a Yakub."